Pasiwedi ya Kompyuta ya ku Kiliniki

Lachitatu, ku komboni ya Kanyama. Tsiku lolemera, matope mpaka pakhomo.

Ba Mwanza, amene amatikonzera makompyuta, abwera ku kiliniki na mnzawo wovala suti. Ndawaonetsa pulogalamu imene ndinaika pa kompyuta yathu ya muofesi, yosanja odwala m'matebulo na magirafu, mwa zoni na mwezi. Mlendoyo ati, "Sisita, vonse ivi tingakusungireni kwathu, mahala, osalipira. Tipatseni chabe pasiwedi."

Ndayankha kuti ndifunsa akuluakulu. Mlendoyo magirafu sanawayang'ane n'komwe. Afunsa kawiri ngati maina a odwala na manambala a nyumba alimo. Alimo, ngakhale a azimayi amene amuna awo sadziwa kuti amamwa ma ARV.

Atangochoka ndasintha pasiwedi. Ba Mwanza amaidziwa yakale, ndipo yatsopanoyi sindinawauze.