Kubwerera kwa Mayi Lefina Kamanga ku Kalabu ya Fodya ya Tigwirane

Tsiku: Loweruka, 12 Novembala 2022
Malo: Chigafa cha a Jeremiya Mbewe, kwa Wimbe
Opezeka: A Mbewe (Wapampando), Mayi Modester Zimba (Mlembi), a Kalekeni Phiri, Mayi Perpetua Mwale, Mayi Lefina Kamanga
Osapezeka: A Kizito Banda (ali pamaliro ku Lisasadzi)

1. Kutsegula
Mayi Mwale anapemphera. Wapampando analandira Mayi Kamanga, amene abwera kuchokera ku India komwe anakalandira thandizo la khansa ya m'mapapo.

2. Za ulendo
Mayi Kamanga anafotokoza ataimirira, ngakhale anapatsidwa mpando. Anati chotupa cha m'mapapo sichikhazikika, chimakwera ndi kutsika munthu akamapuma, choncho pochiwotcha ndi cheza n'kosavuta kupsereza ndi mapapo abwino omwe. Madokotala anawaika tizidutswa tagolide pafupi ndi chotupacho kuti makina azitiona. Mayi Kamanga ankangogona n'kumapuma, mkono wa makinawo ukutsatira mpweya wawo. Atatsokomola tsiku loyamba, makina anaima n'kuwadikira. Anati: "Ndinalira, koma osati ndi ululu." Powaunika komaliza chotupa chinapezeka chitafota, ndipo adzaunikidwanso mu Febuluwale.
Mayi Mwale anafunsa ngati golideyo adzabwezedwa. Anayankhidwa kuti ayi.

3. Za umembala wa Mayi Kamanga
A Phiri anati lamulo likunena kuti wojomba misonkhano itatu achotsedwe, ndipo malo ake m'gulu logulira feteleza wa sabuside apatsidwe wina. Anati mlamu wawo wadikira nthawi yaitali. Mayi Mwale anati mamembala athirira nazale ya Mayi Kamanga mosinthana chiifesereni, ndipo sanathirire kuti adzawokere mlamu wa munthu. Anawonjezera mawu ena amene Wapampando analamula kuti asalembedwe.
Wapampando anati kalabu ino sinatayepo munthu ali pamphasa, ndipo kalabu ya kwa Kaomba inatumiza anthu kudzaona nazaleyo.
Chigamulo: Mayi Kamanga akhalabe membala. A Phiri anakweza dzanja pomaliza.

4. Zina ndi zina
A Phiri anapempha kulankhula. Anati akhala akutsokomola kuyambira nthawi yosankha fodya, ndipo sabata yatha anaona magazi. Kunyumba sananene. Anafunsa Mayi Kamanga kuti munthu amayambira khomo liti kuchipatala. Mayi Kamanga anati: "Lolemba mundipeze pa siteji, tipitira limodzi. Koma mukawauze kaye mayi akunyumba." Mayi Mwale anadzipereka kuthirira nazale ya a Phiri tsikulo.

Msonkhano wotsatira: 10 Disembala, malo omwewa.
Msonkhano unatha 4 koloko madzulo.

J. Mbewe, Wapampando
M. Zimba, Mlembi