Chamba cha Bambo Chachita Chikasu

Kambah, Canberra
19 Januwale

Okondedwa achimwene a Warrick,

Ndikhulupirira kuti fumbi la kumigodi kwanuko ku Kalgoorlie silinakumalizeni. Foni yanu ndaimba mpaka chala kuwawa, koma inu ndi inu basi, mumangotumiza kauthenga koti "ndili pantchito" ngati ndikufuna tikambe za mpira. Ndiye ndati ndilembe. Komanso zimene ndikufuna kukuuzanizi sindingazitulutse pakamwa m'nyumba muno, chifukwa makutu a Bambo ndi okhawo amene khansa sinawafike. Achimwene, ndili ndi mantha.

Nkhani yayambira pa chamba, ndipo musaseke. Mukudziwa kuti chiyambireni mankhwala a khansa aja, chakudya chilichonse Bambo chimawanunkha. Chimene chimawatsegula kukhosi ndi batala wa chamba uja ankawakonzera Amayi asanatisiye. Ndikawapakira pang'ono pa buledi madzulo, nseru imaleka, amadya dzira, tsiku lina mpaka kuitanitsa soseji, kenako n'kugona bwinobwino. Akapanda kudya batalayu amangoyang'ana mbale ngati yawalakwira. Chamba chouma chimene Amayi anasiya m'mabotolo chatsala chochepa. Ndikamachisinira chifika mu Epulo, ndipo Epulo yemweyo ndiye mwezi wokolola chatsopano. Mukuona nokha kuti mpata wolakwitsa panalibe.

Chisanu chitatha ndinadzala mitengo iwiri ya chamba pamalo a Amayi paja, kuseri kwa shedi yosungiramo zipangizo ija. Umodzi unatuluka wamwamuna, ndinauzula usanaononge unzake. Wotsalawo unakula mosiririka, uli biriwiri, mpaka kundifika pachifuwa. Ndinkaupatsa moni m'mawa uliwonse, ine amene ndinkakalipira Amayi kuti atichititsa manyazi kwa aneba.

Khirisimasi itangodutsa, ndinaona timasamba tanthete ta kunsonga titachita chikasu. Ndinati ndi dzuwa. Patapita masiku nsonga zonse zinali mbuu, mitsempha yokha ya masamba ndiyo yobiriwira. Mtima unangoti myu! Ndinati mbewuyi ili ndi njala. Ndinathira manyowa a nkhuku. Ndinathira madzi a nsomba onunkha aja. Poona kuti sizikusintha ndinaonjezanso feteleza wa matimati, ndipo m'malo mochira masamba anayamba kupsa m'mphepete. Abale, ndinasowa mtengo wogwira. Ndinkangouzungulira mtengowo, manja ali kunkhongo.

Lachiwiri lapitali a Zlatko, aneba athu aja ankayendetsa basi, anasuzumira pampanda atagwira mphuno.

"Iwe Desley, fungo limeneli ndi la munda kapena kwanuko kwafa chinthu?"

"Ndisiyeni, a Zlatko, mutu wanga sukugwira."

"Ndikusiye bwanji poti matimati anga akukomoka? Tatsegula geti."

Analowa akung'ung'udza kuti iwo fodya wamisalayu sagwirizana naye, koma mbewu ndi mbewu. Anatembenuza masamba, kuyang'ana m'munsi, kuyang'ana kumwamba.

"Wauthira chiyani?"

Ndinawauza zonse. Anapukusa mutu.

"Ukufuna kuupha ndi chikondi. Tamvera. Mbewu ikamva njala imayamba kuyamwa masamba ake akale, a m'munsiwa, kuti idyetse anthete. Ako a m'munsi taona, ali bwinobwino. Chikasu chikayambira kunsonga, mitsempha n'kutsala yobiriwira, si njala imeneyo. Chakudya chilimo m'dothimo, koma mizu ikukanika kukoka ayironi, amene amachititsa masamba kubiriwira. Uli ngati munthu wokakamiza nyama mwana womangidwa pakamwa."

Anakatenga kabokosi kawo koyezera dothi. Anatapa dothi pang'ono, kudonthezera mankhwala, kuwazapo kaufa koyera, ndipo tikuona chonchi kaufako kanasanduka pepo ngati biringanya.

"Laimu wachuluka zedi," anatero. "Koma dothi la kuno silikhala chonchi, ine ndalilima kuyambira usanabadwe. Wathira laimu?"

"Ayi."

"Phulusa la pambaula?"

"Mbaula sitinayatse chithere chisanu."

Anagwada n'kuyamba kukankha udzu wouma umene ndinaphimbira patsinde. Anafukula ndi zala pang'ono chabe. Pansi pakepo panali potuwa, pa mchengamchenga, muli tizidutswa toyera. Anatenga pang'ono n'kufikisa pakati pa zala. Kenako, achimwene, munthu wamkulu uja anabwezera pansi mwaulemu, anaimirira, n'kuvula chipewa.

Ndinathamangira m'nyumba, molunjika pakabati pamene timasunga kamtsuko ka phulusa la Amayi chiwatenthereni mu Julayi muja. Nditakanyamula kanali kopepuka. Mulibe kanthu, achimwene. Amayi ali kuseri kwa shedi.

Nditakawauza a Zlatko n'kuwaperekeza pageti, ndinapeza Bambo ali pampando wawo akuonera masewero a kiriketi, bulangeti lili m'miyendo pamene kunja kukutentha chonchi. Sanatembenuke n'komwe.

"Wawapeza amako? Ali bwanji?"

"Bambo! Zoseka zimenezi? Si tinapangana kuti tidikira achimwene pa Isitala, tikawamwaze tonse kunyanja ku Broulee?"

"Munapangana ndinu. Amako madzi akangowafika m'mawondo ankakuwa ngati aona ng'ona. Malo awo ndi paja. Ndinaganizanso kuti phulusa ndi manyowa, ndinati mkazi wanga Glenys audyetse yekha mtengo wake. Kani ndaupweteka?"

Ndinawafotokozera zimene a Zlatko anandiuza tili pageti, kuti phulusa la munthu ndi laukali kuposa la nkhuni, lili ndi laimu ndi mchere, ndipo ndikamathirira limatsikira kumizu. Mankhwala ake ndi amodzi: kupala dothi lonse la pamwamba msangamsanga, kulichotsapo, kuikapo latsopano, kuthira madzi ambiri, kuleka feteleza, n'kumapopera ayironi pamasamba. Tikatero mtengo ukhoza kudzuka. Ndinalonjeza kuti dothilo ndiliika m'chidebe chabwino, sinditaya ngakhale kamchenga kamodzi.

"Amako suwakumba," anatero.

"Ndiye mtengo ufa!"

"Uzifa."

Mukundidziwa pakamwa panga. Ndinakalipa, achimwene, mpaka galu wa a Zlatko kuyamba kuuwa. Ndinati ine ndasiya nyumba yanga, ndikugona m'kachipinda kosokera, ndanunkha nsomba masabata onsewa chifukwa cha mtengo umenewu, ndiye iwo angoti uzifa? Ndinati, "Mu Meyi mudzadya chiyani? Mukufuna ndidzakuonereni mukuuma ndi njala mbale ili patsogolo?"

Anazimitsa wailesi ya kanema. Bambo kuzimitsa kiriketi masewero ali mkati, inu munaziona liti?

"Khala pansi, Des. Cha m'mabotolo chija wati chifika liti?"

"Epulo, ndikasinira."

"Usasinirenso. Chikwanira, ndipo china chitsala."

Sindinamve msanga. Ndipamene anandiuza. Tsiku lija ndinawaperekeza kuchipatala Khirisimasi isanafike, anandituma kuti ndikasunthe galimoto, iwo n'kulowa okha kwa adokotala. Kumeneko anauzidwa kuti matenda afika kuchiwindi, ndipo mankhwala sakugwiranso. Anafunsa ngati Isitala adzaione, adokotala anangoyang'ana pansi. Atabwerako anadikira tsiku limene ndinapita kogula zinthu, ananyamula kamtsuko, n'kuyenda ndi ndodo yawo mpaka kuseri kwa shedi. Akuti anagwada okha, ndipo kudzuka kwake kunali kokwawa.

"Sindikanatha kudikira Warrick," anatero. "Ndinafuna ndiwagoneke ndi manja anga ndikadali ndi mphamvu. Ine ndikapita udzandithire pomwepo. Ukatero udzafunse Zlatko maluwa amene amakonda laimu, chamba chisiye, ulibe nacho dzanja."

Anaseka, ine n'kulira. Ndinalira ngati kamwana, mutu uli pamiyendo pawo, ndipo miyendoyo achimwene ndi mafupa okhaokha. Bulangeti lija amafunda kuti ndisaone.

Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba, ndine ndinatseka makutu. Maso anga onse anali pa masamba. Ndinkawerenga nsonga zachikasu pamene munthu akutha m'nyumba momwemo. Tsopano ndikuopa chilichonse. Akagona masana ndimaima pakhomo kuyang'ana ngati chifuwa chikukwera. Akakhosomola ndimataya chimene ndagwira. M'mawa ndikamapita ndi tiyi kuchipinda kwawo ndimayamba ndaima pachitseko, kuopa kugogoda. Sindinaonepo munthu akutsirizika, achimwene, paja Amayi anapitira kuchipatala ife kulibe. Ndikuopa kuti zidzandipeza ndili ndekha, ndipo sindidzadziwa chochita.

Dothi sindinakumbe. Fosholo ndinaitenga, ndinafika nayo mpaka patsinde, koma nditaona potuwa paja ndinabwerera. A Zlatko andipatsa ayironi wopopera, ndipo ndimapoperabe m'mawa dzuwa lisanakwere. Akuti popanda kuchotsa dothi ndikungodzivutitsa. Ndikudziwa. Koma ndikasiya kupopera ndiye kuti ndavomera, ndipo sindinafike povomera. Batala tsopano ndikupaka mosaumira. Dzulo Bambo anadya mazira awiri n'kundinena kuti ndinawapsereza.

Anandiletsa kuti ndisakuuzeni. Akuti, "Mwanayo musiye agwire ntchito, ndege n'zodula, abwera pa Isitala monga tinapangana." Amanena zimenezi akudziwa bwinobwino zimene adokotala anawauza. Akuopa kuti mudzawaone mmene alilimu, inu amene munawasiya akukwera okha pamwamba pa denga. Koma foni ikalira amatukula mutu, ndipo akamva kuti si inu amabwezera maso ku kanema.

Ndiye ndikukupemphani, ndagwira mwendo wanu. Kauzeni abwana anu lero lomwe. Mukafika musaonetse kuti mukudziwa, mudzangoti munatisowa, kapena mwabwera kudzaona mtengo wanga wakufawu mudzandiseke. Za phulusa musadzawakalipire, ndakalipa kale ine zokwanira tonse awiri. Ndipo mukadzawaona pakhomo musadzadzidzimuke pamaso pawo, mudzalimbe mpaka mutalowa kubafa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Shona ndi ana. A Zlatko akuti moni, ati mudzawabwezere makwerero awo. Bambo andipeza ndikulemba, ndawanamiza kuti ndikukuuzani za mbewu. Ati ndikupatseni moni wambiri, ndikuuzeni kuti ali bwino, akudya ngati mnyamata, musadere nkhawa. Ndapereka monga andituma.

Musadikire Isitala, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Desley