Alamu Anu Amwalira mu Filimu ku Masala

Kamitondo, Kitwe

Okondedwa akulu anga a Janeth,

Landirani moni wochokera kuno ku Kitwe. Muli bwanji kumeneko ku Katete? Kodi mwendo wa amama unaleka kutupa? Nanga alamu ndi ana? Ife kuno tili bwino, kungoti mphepo ya Julayi yatipatsa chifuwa nyumba yonse, ndipo magetsi akungozimazima. Kalatayi ndapatsira Masauso pamodzi ndi kaphukusi. Musakamasule musanamalize kuwerenga.

Khalani pansi kaye, chifukwa nkhani imene ndili nayo ndi yaikulu. Alamu anu a Fanwell alowa mu filimu! Filimu yeniyeni ya makamera ndi malaiti, osati zija ana amajambulana pafoni. Ndipo mufilimumo amamwalira. Ndayamba ndi zimenezi kuti muwauziretu amama, angadzaone chithunzi cha mkamwini wawo ali gone m'fumbi n'kuyamba kulira maliro.

Mukukumbukira mmene munthuyu ankakondera mafilimu akale. Anakulira mu holo ya mgodi, mmene Loweruka lililonse ankaonetsa azungu a zipewa zazikulu ndi akavalo. Anzawo ankakonda nkhonya ndi mfuti, koma iwo ankadikira pofa munthu. Mpaka lero osewera onsewo amawadziwa ndi maina omwe, maina oti ine lilime limakana. Akuuzani kuti uyu ankafa bwino pogwa kuchokera padenga, uyu ankayamba wadzandira ngati woledzera atagwira pamimba, ndipo mayi wina ankafa akumwetulira mpaka holo yonse kumangofwenthera. Pondifunsira paja, m'malo mondiuza zachikondi, anandigwera kumapazi kuseri kwa tchalitchi kundionetsa mmene kazitape wina anafera. Ndinawalola chifukwa cha kuseka.

Zonsezo zinatha chaka chija mwala unagwa mumgodi n'kupha mnzawo Collins, mwamuna wa Lillian wa kwathu uja. A Fanwell anali naye mpaka mapeto. Iwo anatuluka opanda bala, koma ntchito anasiya, anayamba kuwotcherera zitseko ndi mawindo, ndipo mafilimu anawaleka. Munthu akamafa pa TV ankadzuka n'kupita panja. Za tsikulo sananenepo kanthu ngakhale kwa ine, mpaka ndinaleka kufunsa.

Ndiye mwezi wa Meyi kunabwera mtsikana wina dzina lake Lulu, mwana wa mayi amene timaimba naye kwaya. Anaphunzira zojambula mafilimu ku Lusaka, ndipo akupanga filimu ya anthu a mumgodi. Anabwera ku shopu kudzabwereka chisoti, nyali ndi majombo akale a alamu anu. Ine ndinali pomwepo, nditabweretsa chakudya chamasana. Iwo anamufunsa ngati mufilimumo muli wofa. Atavomera, anamufunsa kuti adzafa bwanji. Lulu anati adzangogwa basi.

Abale, alamu anu anaponya chowotcherera pansi! Anati kugwa kulipo kwamitundumitundu, n'kuyamba kumuonetsa pomwepo pakati pa zitsulo, bambo wa imvi, ovololo ili m'thupi. Oyendetsa mawilibala anaima, azimayi ootcha chinangwa anasiya mbaula zawo. Lulu anaseka mpaka misozi, kenako anawafunsa ngati angalole kuti wofayo akhale iwowo. Ine ndinangoima ndi kontena m'manja, chifukwa nkhope imene anali nayo tsikulo ndinali nditaiiwala.

Kuyambira pamenepo panyumba pathu palibe mtendere. Munthu amafa m'mawa asanamwe tiyi, amafanso pochokera ku ntchito. Kampando kanga kam'khitchini anakathyola. Tsiku lina anagwa mwamphamvu pakhonde, ndiye aneba athu amake Cynthia, amene kuno timawatchula bana Cynthia, anathamanga atamanga kale chitenje m'chiuno, akulira m'Chibemba. Atawaona akudzuka n'kumadzisasa fumbi anakwiya, mpaka masiku angapo osatipatsa moni. Ansembe nawo atamva anati popeza akufa kawirikawiri chonchi, aziyamba abwera kudzalapa.

Tsiku lojambula linali Loweruka lapitali, ku Ndola. Ndinavala chitenje changa cha pa Khirisimasi ngati wokajambulidwa ndine. Malo ake ndi nyumba yosungiramo katundu kuseri kwa msika wa Masala. Anzake a Lulu anamangamo mgodi ndi matumba a simenti opaka utoto wakuda, ndipo atatseka zitseko n'kuyatsa nyali za pazisoti, munaoneka ngati mumgodi weniweni. Kunja kukumveka ogulitsa tomato, mkatimo muli ngati pansi pa dziko.

Pamalo pamene alamu anu amafera, mwala wagwera bambo wachikulire, ndipo mnzake wagwada pambali. Mnzakeyo anali Israel, kondakitala wa minibasi wa ku Mushili. Lulu anali atalemba mawu oti alamu anu anene, mawu aatali okoma, onena za ana, za dziko, ndi za thukuta la anthu a mumgodi. Anawanena bwino zedi. Anagwira pachifuwa, anatambasula dzanja, anatembenuza maso. Tonse tinawomba m'manja, ine mpaka ndinaimba nthungululu, wojambula n'kundiyang'ana moipa. Anabwereza kangapo, ndipo ulendo uliwonse ankafa mokongola kuposa poyamba. Koma Lulu sanakhutire, ankangoyang'ana pakamera. Kenako anawapempha mwaulemu kuti ayesenso komaliza, ndipo asaganize za ife oonera.

Israel anagwadanso. Ulendo uno nyali ya pachisoti chake inalunjika m'maso mwa alamu anu. Ndinaona thupi lawo likusintha. Sanagwire pachifuwa, sanatambasule dzanja. Anangogona, akupuma pang'onopang'ono, kenako ananena motsitsa, ndi mawu amene sindinawamvepo:

"Chotsa laiti kumaso kwanga, boyi, ikundithobwa."

Israel anasokonezeka chifukwa mawuwo sanali amene anaphunzira, komabe anapotoza mutu. Iwo anapitiriza:

"Nsapato za Lillian zili kwa wosoka uja wa pamsika. Ukatenge. Akufuna kuvala pa Sande."

Anakhala ngati akufuna kuseka, n'kusiyira pomwepo, maso ali otsegula.

Palibe amene anawomba m'manja. Lulu anaiwala kuuza wojambula kuti aime. Israel, munthu wokalipira anthu pasiteshoni tsiku lonse, analira ngati mwana. Onsewo ankaganiza kuti Lillian ndi dzina longopeka. Ine ndekha ndinadziwa.

Pobwerera pa basi, titadutsa mphambano ya ku Luanshya, alamu anu anayamba okha kundiuza. Anati Collins anafa chimodzimodzi. Sanatsanzike, sanapemphere, ankangodandaula za laiti ndi nsapato. Anati m'mafilimu onse amene anaonera kuyambira ali mwana sanaonepo munthu akufa choncho, ndipo n'chifukwa chake ankalephera kuwaonera. Zinkawapweteka kuti azungu aja ankapatsidwa mawu okoma pofa, pamene mnzawo anapita ngati munthu wotuma wina kumsika. Koma atagona pasimenti paja anaona zina. Anati munthu amene mwala uli pamiyendo, iye n'kumaganiza zoti mkazi wake avala chiyani ku tchalitchi, palibe wosewera amene angamupose. Ankalankhula misozi ikutsika, koma akumwetulira, ndipo mayi amene tinakhala naye mpando umodzi anawapatsa kansalu kopukutira osafunsa kanthu.

Nsapatozo anakazitenga maliro atatha, koma anapeza Lillian atakwera kale lole ndi abale ake kubwerera kwathu ku Katete. Kuzitumiza popanda mawu sanafune, ndipo mawuwo ankakana kutuluka. Zakhala pansi pa bokosi lawo la zipangizo zaka zonsezi, ine osadziwa.

Lulu akuti pamenepa ndiye pali mtima wa filimu yonse. Adzaionetsa ku Ndola ndi kuno ku Kitwe mu Okutobala, mwinanso ndi pa TV. Akulu anga, dzina la alamu anu lidzalembedwa pachikwangwani! A kwaya onse akuti adzabwera atavala yunifomu, ndipo bana Cynthia, aja okwiya aja, ndi amene akulengeza mu Kamitondo monse kuti iwo ndiwo anayamba kuona luso limeneli. Ine tulo ndi chakudya ndikuchita kukakamiza chifukwa cha chimwemwe.

Koma pali chimodzi. A Fanwell amuuza Lulu kuti mawuwo si awo, mwini wake alipo, ndiye Lillian. Ngati mwini wake akana, pamenepo pachotsedwe, ndipo akuti sangabwererenso kukafa mwa bodza kuja, bola asaonekemo n'komwe. Lulu zinamuwawa, koma wavomera, ndipo akudikira yankho asanamalize kulumikiza filimuyo. Ine ndinayesa kuwauza kuti angosintha dzina, iwo anakana. Anati dzina likhoza kusintha, koma Lillian akadzamva za nsapato adzadziwa, ndipo si bwino kuti mawu omaliza a mwamuna wake akawamvere pa TV ya kugolosale pamodzi ndi anthu omwa mowa.

Pempho langa ndi ili. M'kaphukusimo muli nsapato zakuda za Lillian. Mupite nazo nokha, musatume mwana, ndipo musamuuzire panjira kapena kuchigayo. Ndikudziwa kuti anakwatiwanso, choncho muyambe mwalonjera amuna ake ndi kuwafotokozera chimene mwabwerera. Mukatero mukhale naye pansi, mumuuze mawu a Collins monga ndalembera pamwambapa, osawonjezera, osakometsa. Mumupatse nthawi, kenako mumufunse ngati angalole kuti anthu awamve. Akakana musamunyengerere, ngakhale mwaona mmene ine ndikufunira. Akalola, mumuuze kuti mpando wake ulipo kutsogolo, pakati pa ine ndi inu, chifukwa nanunso muyenera kubwera. Yankho lake mundiimbire foni, ndidzawauza ndine alamu anu.

Mupereke moni kwa amama, muwauze kuti mkamwini wawo ali moyo ndipo akudya kuposa kale. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu, ndi kwa ana onse. Ana athu Amos ndi Brighton akupereka moni kwa abale awo, akuti nawonso tsopano amafa akatumidwa kukatunga madzi.

Alamu anu akupereka moni wambiri. Nsapatozo azipaka okha polishi m'mawa uno asanazikulunge. Akuti mukamuuze Lillian kuti chidendene chija chinakonzedwa bwino, sichidzagulukanso.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mng'ono wanu,
Harriet, amake Amos