Mzati wa Pabalaza

Kanduku, Mwanza

Okondedwa achimwene a Timoti,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Joni, pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka. Amayi anawachotsa chikhakha Lachiwiri, mkono walunzika, kungoti sakutha kuukweza mpaka pamutu. Mpango ndikumawamanga ndine.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa thiraki pa malire. Mudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Ndayesa kawiri, achimwene, koma ndikangomva mawu anu lilime limalemera.

Ndamva kuti mwauza amalume kuti mwezi ukatha akawatengere kupolisi a Kinsley, mmisiri amene munamutuma kukonza nyumba ya amayi. Inu ndinu mwini mbumba, sindingakutsutseni. Ndikungopempha kuti muyambe mwawerenga izi.

Mukuukumbukira mzati wanjerwa umene malemu bambo anaimika pakati pa balaza. Ine mzati umenewu sindinaukondepo chibadwire. Chinkhoswe cha mwana wanga Tadala chitayandikira, ndinapita ku Blantyre kukaona kwawo kwa mwamunayo. Balaza lawo ndi lotakasuka, munthu kungolowa n'kuona khoma lonse. Ndinabwerako mtima ukuwawa, ndikuganiza za alendo atakhala pakhomo pathu akusuzumirana kuseri kwa mzati.

Ndinauza a Kinsley kuti auchotse. Iwo anakwera kudenga, nakhalako nthawi, n'kutsika ali fumbi lokhalokha. Anandifotokozera kuti mtanda wonyamula denga si mtengo umodzi ayi. Bambo anasowa bulugamu wamtali, ndiye analumikiza iwiri, ndipo mfundo yake yagona pamutu pa mzatiwo. Anati mzati ungachoke pokhapokha titapeza mtanda wina wathunthu, n'kuyamba tachirikiza denga, ndipo zimenezo sizikanatheka chinkhoswe chisanafike.

Mukundidziwa mlongo wanu. Ndinawafunsa ngati nyumbayo ndi yawo. Anayankha mofatsa kuti si yawo, koma manja ndi awo, ndipo sagwetsa.

Sabata yomweyo anapita ku Thambani kumaliro a apongozi awo. Amayi anali kuchipatala kukalandira mankhwala awo a mwezi ndi mwezi. Ine ndinaitana amuna awiri a ganyu, ndinawapatsa hamala ndi chitsulo. Pofika masana mzati unali mulu wa njerwa panja. Amayi atabwera ndinawauza kuti mmisiri ndiye walamula.

Denga linakhala masiku atatu. Ndinkasesa pabalazapo ndikuimba, ndikuti amisiri amangoopseza anthu. Tsiku lachinayi kunabwera mphepo ija imatsogolera mvula yoyamba. Ndinali kumunda. Amayi anali pamkeka akusenda mtedza, pamalo penipeni pamene panali mzati. Mtanda unalekana pamfundo paja, denga n'kugwa n'kuwathyola mkono. Akanakhala kuti sanaweramire lichero, bwenzi kalatayi ili ya maliro.

Anthu atathamangira, wina anangoti ndi ntchito ya mmisiri imeneyi. Ine ndinali pomwepo, ndinamva, ndipo ndinakhala chete. Amuna a ganyu aja anawolokera ku Zobue tsiku lomwelo chifukwa cha mantha. Inu mutaimba muli ndi ukali, ndinangoti eya. Paja amati manyazi anapha lambe. Ine manyazi anga akupha munthu wina.

Anthu a ku Thambani anawaimitsa a Kinsley ntchito yomanga tchalitchi imene anaipeza kumeneko. Wina amene anawalonjeza ntchito yomanga nyumba anabweza mawu. Pamsika akumawatcha agwetsa denga, ndipo akazi awo anasiya kupita ku kwaya. Ali ndi ana anayi.

Chimene chandithyola ndi ichi. Atabwerako kumaliro, a Kinsley anafika ndi mitengo itatu ya mphanda panjinga, n'kuchirikiza denga lotsalalo kuti lisagwere wina. Palibe anawatuma. Ndinawatsatira kuseri n'kuwafunsa chifukwa chake sakudziyankhira. Anati akanena iwo, anthu ati akuzemba mlandu pokankhira mzimayi. Anatinso pakamwa ndili napo ine.

Mawu amenewo anandisowetsa tulo milungu yonseyi. Sabata ino ndinagwada pamaso pa amayi n'kuwauza zonse. Analira, koma osati chifukwa cha mkono. Anati akhala akumutemberera mwana wa eni m'mapemphero awo milungu isanu ndi umodzi.

Lamulungu likubwerali ndapempha abusa kuti andipatse mpata ndiyankhule pamaso pa mpingo. Akuchimuna a Tadala amva ndithu, ndipo chinkhoswe chikhoza kugwedezeka. Ndikuopa kwambiri, koma ndiyankhula. Pamene muziwerenga izi ndidzakhala nditanena kale.

Chonde aimbireni amalume asiye za kupolisi. Muwaimbirenso a Kinsley ndi pakamwa panu, chifukwa mawu amene munawalalatira aja anawapweteka kuposa a pamsika.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akuti muzivala zofunda. Mulungu akusungeni ndi kukubwezani kuno muli amoyo.

Ngati mtima wanu ukufunabe dzina loti mukapereke kupolisi, ndi ili m'munsimu.

Ndine mlongo wanu,
Liness