Ndakulitsa Zilembo Mwakabisira

Lolemba, 9 Juni

Makhadi a ukwati abwezedwa onse. Mayi wa saluni, khomo loyandikana ndi shopu yathu, walowa nawo nkhope ili gwaa. Mwana wake akukwatiwa pa 13, ife tasindikiza 18. Akuti, "Ndiye anthu abwere kudzaona mbale zotsukatsuka?" Ndapepesa mpaka malovu kuuma.

Wataipa ndani? Amuna anga, a Kabawi. Dzinali anadzipatsa okha kalekale, ati maso awo amaona nsabwe ili tsidya lina la msewu. Lero akuti wolakwa ndi pulinta. Pulinta! Zaka zonsezi tikutaipira anthu makalata m'kashopu kano, sindinaionepo ikusintha tsiku la ukwati wa munthu.

Masana onse ndimawaba ndi diso ndili pa fotokope. Mphuno yatsala pang'ono kugunda sikirini. Kamuvi kakawasowa, amapukusa mawusi ngati akuchapa kolala ya shati. Ndatchulako za magalasi. Yankho: "Magalasi ndi a nkhalamba, mayi." Munthu wa zaka 58.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndaimbira wachisamba wathu, namwino uja. Waseka kaye, kenako wati awalembetsa kwa dokotala wa maso Lachitatu la sabata yamawa. A K. avomera pa foni chifukwa mwana wawoyo samukanira. Atadula anang'ung'udza mpaka kunyumba.

Wandiuzanso chinsinsi. Zilembo za pa kompyuta zimakula! Udine batani lakumanja la mawusi pamalo popanda kanthu, usankhe za maonekedwe, upeza nambala ya 100. Ukaikweza, zonse zimanenepa, zilembo ndi mabatani omwe. Ndalemba pa chikuto cha buku lino kuti ndisaiwale. Akuti, "Koma amama, pang'onopang'ono, asazindikire."

Lachitatu, 11 Juni

Ndachita. Anapita kukagula mapepala, ine pampando pawo phee. Mtima phaphapha ngati ndikuba nyama mumphika. 100 yafika 110.

Abwera, akhala, ataipa. Osazindikira. Koma mphuno yabwerera m'mbuyo pang'ono.

Lachinayi, 12 Juni

125, ndipo kamuvi ndakakulitsa n'kukadetsa bii. Sikakusowanso.

Vuto linali chithunzi cha adzukulu chimene chili kumbuyo kwa zonse. Anajambulitsa pa maluwa, ndiye mayina a mafayilo amasochera m'maluwamo. Ndachichotsa, ndaika mtundu umodzi wobiriwira modera. Apa pokha azindikira. "Adzukulu anga apita kuti?" Ndati mwina kompyuta yatopa nawo. Ndasindikiza chithunzicho n'kuchimata pakhoma ndi selotepi. Achiyang'ana, ati pakhoma mpabwinonso, makasitomala aziona.

Bodza loyamba ladutsa bwinobwino. Mulungu andikhululukire.

Lachisanu, 13 Juni

Ukwati uja ndi lero. Makhadi tinakonza, mayi wa saluni wayambanso kundipatsa moni.

Koma imvani izi. A K. adzuka akuimba mluzu. Ati maso awo atseguka! Chifukwa? Karoti. Wometa tsitsi wa pakona anawauza Lolemba kuti azitafuna makaroti awiri m'mawa uliwonse, ndipo akhala akutero mobisa, kuseri kwa nyumba, ngati mwana wakuba shuga. Andiitana: "Mayi, tabwerani muone. Dzana izi ndimaziona ngati nyerere, lero ndikuwerenga nditatsamira mpando." Ndinaluma mlomo, n'kuthawira kuseri kwa fotokope. Ndaseka mpaka misozi kudonthera pa satifiketi ya munthu.

Loweruka, 14 Juni

150. Dzanja linangoyabwa.

Lolemba, 16 Juni

Nkhani ya karoti yafalikira mzere wonse wa mashopu. Wometa akuyenda chifuwa patsogolo ngati dokotala. Telala wagula mulu wonse. Wosoka nsapato akutafuna uku akukhoma zidendene. Mayi wogulitsa masamba wandipatsa tomato waulere, akuti amuna anga amubweretsera mwayi.

Kenako madzulo, tikutseka mawindo, a K. aimbira mwana kuti afufute dzina lawo kwa dokotala. "Ndachira, mwanawe. Malowo apatse odwala."

Sindinaseke. Wachisamba wanditumizira uthenga nthawi yomweyo: "Amama, taonjeza." Akuti maso a munthu wa msinkhu wawo sayezedwa chifukwa cha zilembo zokha, pali matenda ena amene amayamba mwakachetechete, ukamadzazindikira mochedwa palibenso chochita. Ndiye ine ndi manja angawa ndawatsekera njira ya kwa dokotala. Ndiwauze? Achita manyazi pamaso pa wometa ndi mzere wonse. Ndibwezere pa 100? Aziti karoti wasiya kugwira ntchito, aonjezere wachitatu.

Lachiwiri, 17 Juni

Sindinawauze. Katatu konse ndatsegula pakamwa, katatu konse kwalowa kasitomala. Kachitatuko panalibe kasitomala, ndikunama.

Aphunzitsi aakulu a sukulu ya kuseri kwa msika abweretsa mayeso oti titaipe, olemba pamanja, tizilembo ngati mapazi a nkhuku. Ntchito imeneyi ndi imene imatigwira dzanja chaka chonse. Ndati ndiwawerengere, iwo azitaipa. Akana. "Kabawi sawerengeredwa." Pepala analitalikitsa mpaka mkono kutha. Pepala lilibe batani lakumanja.

Lachitatu, 18 Juni

Aphunzitsi aakulu abwera okha, pepala m'manja, magalasi ali pamphuno. Awerenga mokweza, telala ndi wometa ali pakhomo:

"Funso lachinayi. Tchulani mitundu itatu ya mbewa zimene alimi amadzala nthawi ya mvula."

Mbewu. Aphunzitsiwo analemba mbewu. Wometa anagwira pamimba, telala anachita kukhala pansi. Aphunzitsi sanaseke. Ati mwamwayi aona ana asanalandire, koma zikachitikanso apita kwina, ndipo atero akuyang'ana ine, ngati ine ndiye wamkulu wa pano.

A K. anakonza funsolo. Nthawi ya nkhomaliro sanadye. Anangokhala, akupukuta kiyibodi yoyera kale. Ndinawamvera chisoni. Munthu ameneyu anandilembera makalata khumi ndi awiri asanandikwatire, opanda cholakwika n'chimodzi chomwe.

Lachinayi, 19 Juni

Atuluka m'mawa atavala jekete, ati akukaona za inki. Inki tili nayo mabotolo anayi. Abwera madzulo maso ali psuu, akuphethiraphethira. Sindinafunse. Wachisamba watumiza kauthenga: "Apita okha. Diso lilibe matenda, ndi ukalamba chabe. Musanene kuti ndakuuzani."

Ndapuma mpweya umene ndinausunga kuyambira Lolemba.

Lachiwiri, 24 Juni

Magalasi afika. Awatulutsa m'thumba la jekete titatseka chitseko, kuti wometa asaone. Akuwakhala, ndisaname. Akuoneka ngati munthu woti akhoza kukana kukupatsa ntchito.

Ayatsa kompyuta. Adzidzimuka mpaka mpando kubwerera m'mbuyo.

"Mayi! Ndani wasandutsa kompyuta yanga chikwangwani cha pamsewu?"

Ndaulula zonse. 110, 125, 150, kamuvi, adzukulu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo nthawi yaitali.

"Ndiye si karoti?"

"Si karoti, bambo."

"Milungu iwiri ndikutafuna ngati mbuzi."

Anayamba ndi mapewa kugwedezeka, kenako tonse tinaseka mpaka mayi wa saluni anagogoda khoma. Apempha chimodzi chokha: wometa asauzidwe, chifukwa telala wagulanso mulu wina dzulo.

Kenako ati ndiwaonetse pamene ndimadina. Ndawaonetsa. Abwezera okha pa 100, monyadira, n'kunyamuka kuti ine nditaipe kalata ya kasitomala wa mawa.

Ndakhala pansi. Ndayang'ana. Nyerere zokhazokha. Ndasendeza mpando. Ndasendezanso. Ndati sikirini yachita fumbi, ndaipukuta ndi nsonga ya bulauzi. Nyerere zili pomwepo.

A K. anasendera kumbuyo kwanga. Kenako ndinangomva manja awo akundiveka magalasi, akadali ofunda.

"Tawerengani mzere woyambawo, agogo."

Ndinawerenga wonse, osaphonya.