Achimwene Akukodza Petulo Kuchipinda

Aphungu,

Ndine bambo wa ana atatu, ndimawolotsa anthu ndi katundu pamtsinje. Boti ndi langa, koma injini ndi ya malemu bambo anga. Anaigula ine ndisanabadwe, n'chifukwa chake kwathu tonse timaitchula kuti Achimwene. Utoto wake unasuluka kalekale, chogwirira chake chinasalala ndi dzanja la bambo, ndipo ikalira mmawa ndimangomva ngati bambowo akutsokomola kuseri kwa nyumba.

Akuba achuluka padoko, choncho ndikaweruka ndimaimasula pa boti n'kuisenza mpaka kunyumba. Imagona kuchipinda kwathu, pamphasa, cha kukhoma. Ndimaifunditsa bulangete chifukwa cha fumbi, osati chifukwa cha kuzizira monga anthu akunenera.

Vuto ndi loti Achimwene ayamba kudontha petulo. Masana pamadzi limangokhala dontho limodzilimodzi pansi pa kabuleta, koma ndikawagoneka, kukacha timapeza mphasa yanyowa. Mayi anga akuti injiniyo ikulira mwini wake, tisaisokoneze. Mnzanga wina anati ndimatepo sopo. Ndinamata. Tsopano chipinda chikununkha petulo wosamba.

Mkazi wanga anapirira mpaka tsiku lomwe anavala diresi yake yabwino kupita ku ukwati, mayi wina n'kumufunsa ngati wayamba kugulitsa mafuta a m'zigubu. Atabwerako anati, "Bambo a ana, ine ndinakwatiwa ndi inu. Sindinamvepo mkazi akugona chipinda chimodzi ndi alamu ake, alamu akenso okodza pogona." Ine ndinati, "Tsitsani mawu, akumva." Ndinkangocheza, Aphungu, koma iye sanaseke. Anatenga ana n'kupita kwa mkulu wake. Akuti adzabwera Achimwene akadzakula.

Injiniyi sindingaigulitse. Ndi imene imatidyetsa, komanso ndi mawu okhawo a bambo amene ananditsalira. Koma pakhomo pazizira. Ndimange pati kuti kudonthaku kuthe, mkazi wanga abwerere?

B.N., wa padoko

A B.N.,

Kalata yanu yandikumbutsa malaya onunkha petulo a bambo anga. Anali ndi njinga yamoto yokalamba, ndipo mpaka lero ndikadutsa pomwetsera mafuta ndimacheuka ngati andiitana. Choncho sindikusekani ayi. Chabwino, ndaseka pang'ono, pa bulangete paja.

Mayi anu muwalemekeze, koma injini siilira maliro. Pansi pa kabuleta pali kambale komwe mumakhala petulo. M'kambalemo muli kanthu koyandama, ndipo mafuta akadzaza kamakankha kasingano kamene kamatseka njira yake. Inu mumazimitsa injini kambale kali kodzaza, kenako mumaigoneka chammbali. Ndani angagone ndi kapu ya tiyi m'manja mphasa n'kukhala youma? Kuyambira mawa, mukafika padoko chotsani paipi ya mafuta injini ikadali m'madzi, muisiye ilire mpaka izime yokha. Otsalawo muwakhetsere m'kachitini pomasula kasikuluu ka pansi pa kambale. Ndipo izikhala choimirira, itakolekedwa pa thabwa lolimba. Mkulu ngati ameneyo sagonekedwa pansi ngati thumba la makala.

Dontho la masana ndi nkhani ina. Palani sopo yense uja, mupukute kabuleta iume, kenako mupope mafuta ndi kampira ka pa paipi n'kuyang'ana pomwe payambe kunyowa. Ngati ndi polowera paipi, ndiye kuti paipiyo yauma n'kung'aluka, gulani ina. Ngati ndi m'mphepete mwa kambale, gasiketi yotseka mpata wa pakati pa kambale ndi kabuleta yatha. Inayamba ntchito inu musanamere mano, ilekeni ipume.

Koma mafuta akamasefukira kukamwa kwa kabuleta, dziwani kuti kasingano sikakutseka. Gogodani kambale pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Ndati kugogoda, osati kulanga. Akasiya kusefukira, ndiye kuti munalowa kachitsotso, ndipo muyenera kutsuka kabuleta ndi sefa ya mafuta. Akapanda kusiya, masulani kambale, mutenge koyandama kaja mukagwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva mafuta akukhuvuka m'kati, kabooka. Kasingano nako kakadyeka kunsonga, sinthani. Zonsezi muchitire panja, pa nsalu yoyera, nkhuku zili kutali, chifukwa tizitsulo take n'tating'ono ndipo tambala sabweza chomwe wameza. Zikakukanikani, pitani nayo kwa makaniko. Bambo anu sakhumudwa.

Tsopano ndisiye nthabwala. Fungo lija si lochititsa manyazi chabe. Mpweya wa petulo umakwawa pansi, ndipo kandulo, mbaula, ndudu, ngakhale koyilo ya udzudzu, zikhoza kuyatsa chipinda inu muli mtulo, ana ali m'nyumba momwemo. Akazi anu sanachoke chifukwa cha nsanje. Mphuno yawo inaganiza msanga kuposa mutu wanu. Ngakhale kudontha kutatheratu, injini isalowenso m'nyumba yogona anthu. Imangireni kanyumba kake kopita mphepo, mugule unyolo ndi loko wamkulu. Mukaisowa, muzipita kukaiona komweko. Ine ndikumvetsa.

Mphasa ija itayeni, zofunda ndi madiresi onse muchape nokha, mawindo akhale otsegula mpaka mphuno ya mlendo ivomereze, osati yanu, poti yanuyo inazolowera. Kenako sambani, muvale malaya omwe sanafikeko padoko, mupite ndi miyendo yanu. Za uthenga wa pafoni ayi. Mukafika musayambe kulongosola za kasingano. Nenani kuti munalakwa, mumvetsere mpaka akazi anu amalize. Mkulu wawo akawonjezera zake, mumvetserenso mutu uli pansi, chifukwa ndi amene wakhala akudyetsa ana anu masiku onsewa.

Aphungu