Kaseti ya Atate Imene Ndinafufuta

Amayi anga, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Nangongwe tilipo. Yatha miyezi isanu ndi itatu chikuikireni m'manda, ndipo nkhani zachuluka. Ndiyambe ndi yabwino. Mimba yanga ija munkaisisita muli gone m'chipatala inatha bwino. Ndi mtsikana, tamutcha dzina lanu, Alesi. Mphuno ndi yanu, ukali ndi wanunso. Akamva njala salira ngati ana ena, amachita kukalipa. Bambo ake ankafuna dzina loti abusa awo akondwere nalo, koma ndinawakumbutsa amene anamva ululu tsiku lija, nkhani inathera pomwepo.

Munda wanu wa ku Shimabala sitinaugoneke. Kumtunda chimanga chinabereka bwino, koma kumunsi kuja madzi anakhalitsa ndipo sitinatoleko kanthu. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja, beseni lanu lobiriwira likugwirabe ntchito yake. Mchimwene wanga Mabvuto ali ku Chanyanya komweko ndi maukonde ake. Nsomba amatitumizira ndi anthu a njinga, koma mwini wake sanapondenso pakhomo pano chichokereni tsiku logawa katundu wanu.

Tsiku limenelo zitenje, mapoto ndi makina osokera zinapeza eni ake msanga. Katoni yanu ya makaseti ndiyo inatsala pakati pa bwalo. Azakhali anaikankha ndi phazi, amvekere, "Ivi vinthu va kudala nindani angavifune? Tayani chabe." Ine ndinainyamula. Amuna anga akuti ndi nyimbo za dziko, koma sanandiletse. Ndinapeza wailesi yakale kwa mkulu wina wokonza mawailesi kumsika, ndipo Loweruka lililonse masana, ndikamasita zovala, ndimaika kaseti imodzi. Ndimamvera mbali zonse ziwiri, potsata lamulo lanu lija: "Kaseti sibaiweluza na saidi imozi. Nvela mpaka isile."

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pakapepala ka kaseti iliyonse munalembapo maganizo anu ndi bolopeni. Amayi, munali woweruza wouma mtima.

Pa chimbale cha kalindula munalemba kuti, "Yowashila vovala." Apo tagwirizana. Gitala wamkulu uja akayamba kugunda, manja amayenda okha, ndipo oimbawo amatukwana mwamuna waulesi mokoma moti nayenso amavina. Pa rumba ya ku Congo munati, "Mau sininvela, koma musana unvela." Ine ndikuti anthu amenewa amachedwa. Theka la nyimbo amangotchula maina a anthu olemera, moto umadzayaka kumapeto munthu utatopa kale kudikira. Pa zimbale zitatu za magitala olira mokalipa, za anyamata a dziko lino a nthawi ya utsikana wanu, munangolemba kuti, "Chongo cha atate bako." Phokoso ndithu, koma bwanji munazisunga zonse zitatu?

Pa rege ndiye mwalakwa. Munati ndi nyimbo imodzi yomweyo, amangoisintha maina. Ayi, amayi. Mukanatchera khutu kwa mawu ake mukanamva kuti akunena za anthu ngati ife, amene fakitale ya nsalu inatitsekera zitseko pamaso tikadali ndi ana oti tidyetse. Tikanakangana mpaka ndiwo kupserera, ndipo ndikanapambana ndine.

Pali ina ya mzungu wa chipewa chachikulu, amene ndinkamuseka ndili mtsikana kuti amaimba ngati ng'ombe yosochera. Inu munalemba kuti, "Uyu alila monga wa kwatu." Nditaimvera ulendo uno ndinazimitsa simbi n'kukhala pansi. Chingerezi chake sindinachigwire chonse, koma munthuyo anaikapo mayi ake m'manda, zimenezo sizibisika. Pa kaseti ya kwaya ya amayi simunalembepo maganizo ayi, koma maina a anthu amene munakawaimbira pamaliro awo. Panali malo pang'ono pansi, ndawonjezerapo lanu.

Za masiku ano mukanazinyoza zonse, ndipo pena mukanalakwa. Zilipo zabwino, ngakhale za kutchalitchi kwa amuna anga, zija amabwereza mzere umodzi mpaka munthu kuukhulupirira. Chondidandaulitsa n'chakuti ana a pafoni sadikira. Nyimbo isanafike n'pakati pomwe, chala chadumphira kale ina. Sadziwa kuti nyimbo yabwino ya chimbale kawirikawiri imabisala kumbali yachiwiri, kufupi ndi kumapeto.

Ndazungulira mokwanira. Chimene ndakulemberani ndi kaseti ija inali pansi penipeni pa katoni, yokulungidwa mumpango wanu wakuda. Ndinaizindikira tsiku loyamba, ndipo miyezi yonseyi ndakhala ndikuilambalala.

Mukuidziwa. Atate ankaimba gitala m'gulu la anzawo a ku fakitale ya nsalu, ndipo tsiku lina munthu anawajambula akuimba mu holo ya antchito. Kaseti inali imodzi yokhayo padziko lonse. Atamwalira, ine ndili ndi zaka khumi, munkaiika kamodzi pachaka, pa tsiku limene anatisiya. Ndikukumbukira mawu awo osasa pang'ono, ndi nyimbo yachitatu imene ankaseka pakati chifukwa wang'oma anaphonya. Kunena zoona sichinali chimbale chapamwamba. Gitala wina anali wosachuna bwino, ndipo kumbuyo kunkamveka mabotolo. Koma munali atate.

Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi ndinapenga ndi nyimbo za atsikana a ku Amereka zimene zinkaulutsidwa pawailesi Loweruka. Ndinalibe kaseti yopanda kanthu. Inu munali kumsika. Ndinatenga ya atate, ndinatseka timabowo take ndi mapepala monga anzanga anandiphunzitsira, n'kujambula mbali zonse ziwiri. Pologalamu itatha tepi inatsalako pang'ono, ndiye ndinayandikira wailesi n'kuimba ndekha, kuti ndimve ngati mawu anga akufanana ndi awo. Sindinaganize chilichonse, amayi. Ndinkangoti atate ali momwemo, pansi pa nyimbozo, sangachoke.

Tsiku la atate litafika munatikhazika pamphasa, munaika kaseti, ndipo m'malo mwa gitala munatuluka Chingerezi. Munazimitsa nthawi yomweyo. Munafunsa kamodzi kokha kuti wachita ndani. Ine ndinati ndinaona Mabvuto akugwiragwira wailesi. Zinali zosavuta kukhulupirira, poti iye ndiye ankakonda kumasula zinthu za mawaya. Munamumenya ndi mthiko mpaka unathyoka, inu amene simunkamenya mwana. Iye sanalire. Ankangoti, "Si ine, amama. Si ine." Kenaka anandiyang'ana. Chaka chomwecho anayamba kugona kumtsinje kwa asodzi, sukulu n'kuisiya. Sindinganene kuti chifukwa chinali chimenechi chokha, koma sindinganenenso kuti sichinali.

Loweruka lapitali makaseti ena onse anatha, inatsala yokhayo. Ndinamasula mpango. Pakapepala pali maina a nyimbo m'zilembo za atate, ndipo pansi pake pali zanu, inki yake yofwifwa kusonyeza kuti ndi zakalekale: "Nanvela mpaka yasila. Ni mau ya Esnati. Azakamba eka."

Ndinaiika. Ndinamvera atsikana a ku Amereka aja, amene lero ndikuona kuti nyimbo zawo n'zopanda mchere, mbali yoyamba yonse ndi yachiwiri. Kumapeto kunatuluka kamtsikana kopusa, kakuimba Chingerezi chothyokathyoka, kenaka kakuseka. Alesi anali kumsana, ndipo anadzuka chifukwa cha kulira kwanga.

Ndiye kuti munkadziwa. Lamulo lanu munaliswa kamodzi kokha, tsiku lija, ndipo pambuyo pake munabwerera nokha kukamvera mpaka kumapeto. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake Mabvuto akabwera munkamugawira nshima poyamba, mutu wa nsomba n'kukhala wake, ine n'kumachita nsanje. Ndamvetsanso funso lanu la m'chipatala, mutandigwira dzanja: "Esnati, palibe chamene ufuna kuniuza?" Ine ndinayamba kudandaula za miyendo yotupa. Munangotseka maso n'kunena kuti, "Chabwino, mwana wanga."

Ndili ndi kakukwiya pang'ono, ndisakubisireni. Bwanji simunandikoke khutu n'kundiimika pamaso pa mchimwene wanga? Munandidikira zaka zoposa makumi awiri, ndipo amene analipira kudikirako ndi iye. Kaya munamupepesa mwamseri, sindikudziwa. Koma mkwiyo umenewu ndikungobisalamo. Mawu anali oti atuluke pakamwa panga, ndipo munandipatsa mpata mpaka mpweya wanu womaliza.

Ndiye imvani, ngakhale ndachedwa. Ndine, amayi. Ndine ndinafufuta mawu a atate, ndine ndinanamizira Mabvuto. Ndikupepesa. Zikundiwawa kuti ndikunena izi kwa pepala pamene munali pafupi nane masiku onse aja.

Munkakonda kunena kuti mlandu suwola. Loweruka likudzali sindisita zovala. Ndibereka Alesi, ndinyamula wailesi ndi kasetiyo, ndikwera minibasi ya ku Chanyanya. Ndikamupeza Mabvuto pamene amasokera maukonde, ndikamuonetsa mwana amene sanamuonepo, kenaka ndikamuuza ndi pakamwa panga ndisanamuonetse zimene munalemba. Mwina akandithamangitsa, ndipo akakhala sanalakwe. Akandilola kukhala pansi, ndikamupempha andiimbire nyimbo yachitatu ija, poti iye anali wamkulu ndipo ankazidziwa zonse pamtima. Kulibenso kwina kumene atate atsala.

Mukawaona atate, muwauze kuti gitala wa mnzawo uja analidi wosachuna. Muwauzenso kuti ndikupepesa.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani. Ndikulonjeza kuti chilichonse chimene Mabvuto akanene, ndikamvera mpaka amalize.

Ndine mwana wanu,
Esnati